Kamphepo ka m'galimoto kanachokera kutali

Mwezi wa Okutobala chaka chatha ndinatsetsereka mapiri kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa pa Peugeot 504 imene anandisiyira malemu bambo anga. Pofika pa mlatho wa Shire malaya anali atamatirira kumsana, ndipo mayi anga, amene amadwala mtima, anangoti zii kumbuyoko, akupumira m'mwamba. Ndinaona kuti pali ziwiri: kugulitsa galimoto ya bambo kapena kuiikira eyakoni.

Makaniko wanga atatsegula boneti anapukusa mutu. "Achimwene, zimatheka, koma galimotoyi sinabadwe nazo zimenezi." Anati pafunika kompuresa yozunguzidwa ndi lamba wa injini kuti izipanikiza gasi, kondensa patsogolo pa rediyeta yotayira kutentha kunja, ndi kabokosi pansi pa dashibodi momwe gasiyo amazizira n'kuyamwa kutentha kwa m'kati.

Mawu akewo anandipatsa chidwi chofufuza mbiri ya makinawa, ndipo ndinapeza kuti nayonso eyakoni yoyamba inali yochita kumatika.

Mu 1939 kampani ya Packard ku America ndi imene inayamba kugulitsa magalimoto oziziritsa m'kati. Galimoto ikapangidwa ankaitumiza ku Cleveland, ku kampani ya Bishop and Babcock, kuti akaiike makinawo. Chimakinacho chinkadya pafupifupi theka la buti, mtengo wake madola 274. Chodabwitsa n'chakuti panalibe batani lozimitsira kompuresa. Kukazizira, dalaivala ankaima, kutsegula boneti n'kuchotsa lamba. Ogula anali ochepa, moti itadutsa 1941 Packard inasiya.

Zinthu zinasintha mu 1954 pamene kampani ya Nash inakwanitsa kulongedza zonse kutsogolo, buti n'kutsala yopanda kanthu. Nanga amene anali kale ndi magalimoto awo? M'chigawo chotentha cha Texas munabuka makampani opanga timabokosi topachika pansi pa dashibodi, tofanana ndi kamene makaniko wanga ankanena. Pofika 1969, magalimoto atsopano oposa theka ku America anali ndi eyakoni.

Komatu walira mvula walira matope. Gasi amene ankagwiritsa ntchito, R-12 kapena kuti Freon, ankaoneka wabwino chifukwa sayaka moto. Mu 1974 akatswiri awiri, Mario Molina ndi Sherwood Rowland, anachenjeza kuti gasi wamtunduwu akuwononga ozoni, mpweya wa kumwamba umene umatitchinjiriza ku ukali wa dzuwa. Mu 1987 mayiko anasainirana pangano ku Montreal loti athetse magasi otere, ndipo m'zaka za m'ma 1990 opanga magalimoto anasamukira ku R-134a. Ameneyu sawononga ozoni, koma amawonjezera kutentha kwa dziko, n'chifukwa chake magalimoto ambiri atsopano tsopano amabwera ndi wina, R-1234yf.

Ine ndinaikitsa ya R-134a, ndipo galimoto ya bambo sindinagulitse. Mafuta ikumwa ochulukirapo, zimenezo sindingakubisireni awerengi. Pokwera mapiri pobwerera ku Blantyre injini imalira ngati yasenzetsedwa matumba a chimanga, ndiye ndimazimitsa eyakoni mpaka tifike pamwamba.

Ulendo wathawu mayi ataona ndikudina batani anati, "Mwanawe, bwanji ukutimana kamphepo?"

"Pepani Amayi," ndinatero, "akale aja ankachita kutsika n'kukachotsa lamba."