Napolo: Njoka ya M'phiri Imene Idalowa M'nyimbo ndi M'ndakatulo



Ife amene tidabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje sitidaphunzire liwu lakuti Napolo m'kalasi. Tidalimva kwa agogo nthawi ya dzinja, mvula ikagwa masiku atatu osakata, mitsinje ya Likhubula, Lichenya ndi Ruo ikayamba kulindima usiku. Ankatiuza kuti pansi pa phiri pamagona chinjoka chachikulu, ndipo chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba phiri n'kukokolola chilichonse chimene chapeza m'njira: miyala, mitengo, nyumba ndi anthu omwe. Sabata ino tifuna titsate m'mene liwuli lidachokera pamoto wa agogo n'kulowa m'nyimbo ndi m'ndakatulo za dziko lathu, popeza mbiri yake ikutikhudza ife a kuno kwambiri.

Ulendowu uyambira ku Zomba, osati kwathu kuno. M'mwezi wa Disembala 1946, pamene Zomba adali likulu la Nyasaland, chimvula choopsa chidagwa paphiri la Zomba. Nthaka idagumuka, madzi adatsika ndi matanthwe, milatho idapita, anthu adafa. Azungu adalemba za ngoziyi m'malipoti awo a boma, amene ambiri a ife sitidawawerengepo. Koma oyimba ndi magitala otchedwa Paseli Brothers adapeka nyimbo yotchedwa "Napolo", ndipo nyimboyo ndiyo idasunga chaka chimenecho m'mitima ya anthu. Idamveka pa wailesi zaka zambiri, oyimba ena adaibwereza, ndipo anthu amene sadapondepo ku Zomba adadziwa kuti kudadutsa Napolo. Dzinali lidamveka mpaka lidalembedwa pa mowa wina wa masese, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Tisapitirire tisananene chimene chimachitika m'phirimo. Mapiri ngati la Zomba, la Mulanje ndi la Michesi ndi thanthwe lolimba lokutidwa ndi dothi losazama. Mvula ikapitirira, dothilo limakhuta madzi, limalemera, ndipo limaterera pamwamba pa thanthwe, n'kutsika ndi miyala ikuluikulu motsata zigwa za mitsinje. Mkwasa umene limasiya paphiri umakhala wautali ndi wokhotakhota. Amene adauonapo ndi maso sangaseke agogo ponena za njoka. Adafotokoza bwino lomwe chimene adaona.

Munthu amene adatenga Napolo n'kumusandutsa ntchito ya moyo wake ndi Steve Chimombo, yemwe adabadwira ku Zomba m'chaka cha 1945, ndipo adali khanda pamene phiri lidagumuka. Adadzakhala mphunzitsi pa Chancellor College, komanso mmodzi wa gulu la alembi la Writers Group, limene lidayamba mu 1970. Nthawi imeneyo idali yovuta kwa aliyense wogwira cholembera. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi masewero, ndipo mawu amodzi osakomera boma la Dr. Kamuzu Banda ankatha kukulowetsa m'ndende popanda mlandu. Alembi adathawira ku nthano. Jack Mapanje adasankha bilimankhwe, nyama yosintha mtundu, m'buku lake la 1981 lotchedwa Of Chameleons and Gods. Chimombo adasankha Napolo.

Apa ndi pamene padagona nzeru. Napolo ndi mphamvu yosaoneka, yobwera usiku, yotenga anthu osapereka chifukwa, imene aliyense amaitchula monong'ona. Wounika mabuku akafunsa, mlembi akadatha kuyankha kuti akungosimba nthano ya makolo, ndipo sakadanama. Koma owerenga ambiri, amene abale awo ankatengedwa usiku n'kusowa, ankamva zina. Buku la Napolo Poems lidatuluka mu 1987, chaka chomwecho chimene Mapanje adamangidwa n'kutsekeredwa ku Mikuyu, komwe adakhala mpaka 1991. Bilimankhwe adagwidwa, njoka idapulumuka: Chimombo sadatsekeredwe, ndipo adapitiriza kulemba za Napolo kufikira imfa yake mu 2015.

Komabe tinene chilungamo. Ndakatulozi zidalembedwa m'Chingerezi, ndipo ndi zozama mwakuti ngakhale ophunzira a ku yunivesite amatuluka nazo thukuta. Mayi wothyola tiyi ku Lujeri, amene nyumba yake ili m'njira ya madzi, sadazimve. Nyimbo ya a Paseli idamufika, buku silidamufike. Sitikunyoza mlembiyo, pakuti m'masiku amenewo kubisa tanthauzo kudali kuteteza moyo. Tikungoona kuti Napolo wa m'buku adasanduka wa ndale, pamene Napolo wa m'phiri adali chigonere, kudikira.

Adadzuka mu Malichi 1991. Phiri la Michesi lidagumuka, matope ndi matanthwe zidatsikira pa Phalombe, ndipo anthu mazanamazana adafa. Achinyamata ambiri sadziwa kuti nthawi imeneyo Phalombe adali mbali ya boma la Mulanje. Maliro aja adali athu. Patapita zaka 32, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adabwereza zomwezo mokulirapo: ku Chilobwe m'tsinde mwa phiri la Soche, ku Nkhulambe, ku Muloza, ndi m'midzi yambiri yozungulira phiri lathu. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa osapezekanso. Ambiri a ife tidanyamula makasu kukafukula anansi athu, ndipo pamaliro paja liwu limene linkamveka pakamwa pa okalamba silidali Freddy, dzina lochokera kunja, koma Napolo.

Liwuli limatonthoza, chifukwa limauza wofedwa kuti tsoka lake lili ndi dzina, ndi kuti makolo ake adalionapo. Koma lili ndi msampha wake. Tikati njoka ndiyo idadutsa, nkhani imathera pomwepo, pakuti njoka siitanidwa kubwalo la milandu. Sitifunsanso za mitengo imene idatha m'mapiri ndi makala, za nyumba zomangidwa m'makwawa chifukwa malo abwino adachepa pakati pa minda ya tiyi, kapena za chenjezo limene lidafika mochedwa kapena silidamvedwe. Zoona, phiri lidagumuka ngakhale mu 1946, nkhalango zikadali zowirira, choncho kudula mitengo sindiko chiyambi cha zonse. Koma kumakulitsa ngozi. Chimombo adagwiritsa ntchito njoka pofuna kuloza anthu amphamvu. Ife nthawi zina timaigwiritsa ntchito pofuna kuwabisa, ndi kudzibisa tokha.

Freddy atapita, ndakatulo ndi nyimbo za chisoni zidayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook, zambiri m'Chichewa chomveka kwa aliyense, zopekedwa ndi achinyamata opanda mantha a ku Mikuyu. Zambiri mwa izo zidatayika pamodzi ndi mafoni amene zidasungidwamo. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha zikhulupiriro ndi miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe yokhudza mizimu ya m'phirimo. Alendo adzabwera kudzakwera Sapitwa, mamita 3,002, ndipo podutsa adzafunsa owaperekeza kuti mikwasa ija yotsika m'mbali mwa phiri idabwera bwanji.