Za Mandala Oonera Kutali a Asilikali

Pakati pa zinthu zakale zosungidwa m'mabokosi a makolo athu alipo mandala oonera kutali, aja a maso awiri. Ena awatenga kukawagulitsa ku msika wa Old Town ku Lilongwe osadziwa chimene anyamula, pakuti ayesa kuti onse ndi amodzi. Iai, wosula aliyense analembapo zake, ndipo wodziwa kuwerenga angathe kunena dziko limene anachokera.

Tiyambe ndi manambala. Mukaona 6x30, ndiko kuti chinthu chioneka chachikulu kasanu ndi kamodzi, ndipo galasi lakutsogolo ndi la mamilimita 30 m'mimba mwake. Amenewa ndi a ankhondo a pamtunda, popeza apepuka pa ulendo. A 7x50, olemera aja, ndi a amalinyero. Galasi lawo lalikulu lisonkhanitsa kuunika kochuluka, kuti mlonda aone chombo cha adani kungakhale kuli chizirezire.

Tsono funani chizindikiro chonga phazi la nkhuku. Umenewo ndi muvi wa Boma la Angelezi, wonena kuti katunduyo ndi wa Mfumu. Pafupi pake pakhala dzina la wosula: Kershaw wa ku Leeds, Ross wa ku London, kapena Barr & Stroud wa ku Glasgow, amene anasulira zombo za nkhondo.

A Ajeremani ndiwo avuta. Pa nkhondo ya 1914, ija ya ku Karonga ndi ya mtengatenga, analemba poyera Carl Zeiss Jena kapena Goerz Berlin. Koma kuyambira 1940 anabisa maina, kuopa kuti adani angadziwe nyumba zosuliramo ndi kuziponyera mabomba. Motero "blc" ndiye Zeiss, ndipo "beh" ndiye Leitz wa ku Wetzlar. Pano tichenjere. Amuna a kwathu a King's African Rifles, amene chipilala cha ku City Centre chiwakumbutsa, pa nkhondo yachiwiri anamenyana ndi Ataliyana ku Abyssinia mu 1941, ndi Ajapani ku Burma mu 1944. Chifukwa chake mandala olembedwa San Giorgio, a ku Genova, kapena Nippon Kogaku, a ku Tokyo, tiwavomereza msanga kuti anabwera m'thumba la msilikali wathu. Koma a "blc" tiwakayikira, kapena anadza ndi Mzungu kapena ndi wamalonda.

Ngakhale muvi uja suli umboni wokwanira kuti agogo anapita ku nkhondo. Msilikali wamba sanapatsidwe mandala, anali a akulu otsogolera. Ndipo itatha nkhondo mu 1945 otsala ambiri anagulitsidwa kwa anthu wamba, osaka nyama nawagula. Umboni weniweni ukhala pamene mandalawo ali pamodzi ndi mamendulo ndi kalata yomasulira msilikali pa ntchito.

Wina, pofuna kukondweretsa wogula wa ku Area 10 kapena Area 43, apala chitsulo nachipaka utoto watsopano. Pamenepo manambala, muvi ndi dzina zifafanizika pamodzi, ndipo wogula wodziwa zakale atsitsa mtengo.