Mibadwo ya Lamya Zopanda Waya kwa Mwambo

M'chaka cha 1995 nyanja ya Chilwa inaphwa, ndipo mabwato a pa Kachulu anakhala pamatope. M'chaka chomwecho munakhazikitsidwa kampani ya TNM, imene inayamba kubweretsa lamya za m'manja m'Malawi. Celtel inatsatira mu 1999, nisanduka Zain mu 2008, ndi Airtel mu 2010. Poyamba lamyazi zinali za eni chuma a m'mizinda, koma popita zaka nsanja zake zinafikanso kumidzi ya kwa Mwambo.

Lamya zimenezi zili ndi mibadwo monga anthu, ndipo lemba la G ndilo liimira mbadwo. Malawi anayamba ndi mbadwo wachiwiri, 2G, umene unabadwira ku Finland mu 1991. Umenewu unyamula bwino mawu ndi timauthenga tolemba, koma chithunzi chiyenda nawo mozengereza ngati bwato lopondera m'mabango. TNM inatsegula 3G mu 2009 ndi 4G mu 2016, ndipo mu 2023 inayamba kuyesa 5G ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Liwiro la 4G liposa la 2G kambirimbiri, kotero kuti munthu atha kuona nkhope ya mbale wake wa ku Johannesburg alikulankhula naye.

Koma liwirolo sililowa m'lamya iliyonse. Lamya yatsopano imamva chilankhulo cha mibadwo yakale, pamene yakale singamve cha mibadwo yatsopano, pakuti kachipangizo kolandirira kali m'kati mwake kanapangidwira mbadwo wake wokha. Ngakhale mwini wake aime patsinde pa nsanja ya 4G, lamya ya 2G siifulumira konse.

N'chifukwa chake makampani sanachotse 2G pamene anakweza zatsopano pansanja, ndipo anachita mwanzeru. Msodzi wa matemba ndi mayi wogulitsa mpunga pamsika wa Jali akonda lamya ya mabatani: njotsika mtengo, ndipo moto wake ukhala masiku angapo kumene magetsi ali osowa. Airtel Money, imene inayamba mu 2012, ndi Mpamba wa TNM, mu 2013, ziyenda bwinobwino pa lamya yotereyi; munthu angodinda manambala, ndalama za nsomba n'kufika.

Maiko ena anasankha njira ina. Ku Singapore anazimitsa 2G mu 2017, ndipo onse amene anali ndi lamya za mbadwo umenewo anayenera kupeza zina.