Zimbale Zoyambirira za Gulu la WITCH ndi Nkhani ya Chiyankhulo

M'chaka cha 1972, patatha zaka 8 dziko la Zambia litalandira ufulu wodzilamulira, anyamata ena a mumzinda wa Kitwe anajambula chimbale chawo choyamba chotchedwa Introduction. Gulu lawo linkatchedwa WITCH. M'Chingerezi liwuli limatanthauza mfiti, koma eni ake ankati ndi chidule cha mawu onena kuti cholinga chawo chinali kuyambitsa chipwirikiti. Woyimba wawo wamkulu, Emmanuel Chanda, ankadziwika ndi dzina loti Jagari, lomwe linachokera ku dzina la Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones.

Ntchito yojambulayo inachitikira ku Malachite Film Studios mumzinda wa Chingola, malo amene anakonzedwera mafilimu osati nyimbo. Popeza m'dzikomo munalibe makina odindira zimbale, tepi inayenera kupita ku Nairobi. Umphawi wa zipangizowo ukumveka m'chimbalemo: magitala ndi osasa, ng'oma zikumvekera patali, ndipo mawu a woyimba sanasalazidwe.

Chofunika kwa wophunzira ziyankhulo n'chakuti nyimbo za m'chimbalechi zili m'Chingerezi, ngakhale kuti m'makomboni a ku Copperbelt anthu ankayankhula kwambiri Chibemba. Nkosavuta kunena kuti anyamatawa ankangotengera za kunja, koma kutero n'kuiwala mmene mizinda ya m'migodi inalili. Migodi ya mkuwa inasonkhanitsa anthu a mitundu yambiri, ena ochokera ku Malawi ndi ku Tanzania. Chingerezi chinali chiyankhulo cha boma, ndipo kuchokera mu 1966 ana ankaphunzira m'chiyankhulochi kuyambira kalasi yoyamba. Kwa wachinyamata wa nthawiyo, kuyimba m'Chingerezi kunali kunena kuti ndi mwana wa m'tauni, wosamangika ku mtundu umodzi. Komanso Chingerezi cha Jagari sichinali cha ku London. Katchulidwe ndi kamvekedwe kake n'ka ku Kitwe, kotero chimbalechi ndi umboni wa mmene achinyamata a kumeneko ankachiyankhulira.

Zinthu sizinachedwe kusintha. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia. Makampani a Teal ndi Zambia Music Parlour a ku Ndola anayamba kusaka magulu a m'dzikomo. WITCH inatulutsa In the Past mu 1974 ndi Lazy Bones!! mu 1975. Pofika mu 1976, chimbale cha Lukombo Vibes chinali ndi nyimbo za maina monga Nasauka ndi Kangalaitoito. Ku Lusaka nako, Paul Ngozi ankasakaniza Chinyanja ndi Chingerezi. Ziyankhulo za m'dzikomo zinalowa m'nyimbo za rock pamene wailesi ndi msika zinazitsegulira khomo, osati chifukwa choti oyimba anali atangozikumbukira.

Nyengoyi inali yaifupi. Mtengo wa mkuwa unagwa, anthu anasowa ndalama zogulira zimbale, ndipo pambuyo pake matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Zimbalezi zinasowa kwa zaka zambiri, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso pamodzi mu 2012. Ofufuza za Chingerezi cha ku Zambia kawirikawiri amadalira mabuku ndi manyuzipepala, pomwe katchulidwe sikamveka. Zimbale zoyambirira za WITCH zinasunga mawu enieniwo, ndipo zikuyenera kumvedwa ngati zolembedwa za mbiri ya chiyankhulo.