Kodi ofuna kuchepetsa thupi aziwonjezera chakudya akachita masewero olimbitsa thupi?

Anthu ambiri omwe ali pa ndondomeko yochepetsa thupi amafuna kudziwa ngati kuli koyenera kudya chakudya chochulukirapo pa tsiku lomwe ayenda, athamanga kapena apita ku jimu, pofuna kubwezeretsa mphamvu zomwe zatha. Kwa munthu wogwira ntchito ya mu ofesi, yemwe masewero ake sapitirira ola limodzi pa tsiku, yankho ndi lakuti sikofunika kutero, ndipo kawirikawiri kubwezeretsako ndi komwe kumalepheretsa thupi kuchepa. Kwa ochita masewero olemetsa a maola angapo ndi kwa odwala matenda a shuga nkhani yake ndi ina.

Nkhaniyi ikukhudzanso dziko lino. Kafukufuku wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu yemwe nthambi ya boma ya National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka zapakati pa 15 ndi 49 anali onenepa kupyola muyezo, ndipo vutoli linali lalikulu m'mizinda kusiyana ndi kumidzi. Kunenepa kotere kumawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima.

Mphamvu za m'chakudya zimayezedwa ndi muyezo wotchedwa calorie. Galamu imodzi ya mafuta imapereka ma calorie 9, pamene galamu imodzi ya shuga, ya chakudya chokhutitsa monga ufa, kapena ya zomanga thupi imapereka 4. Thupi limachepa pamene mphamvu zomwe munthu akudya zikuchepera pa zomwe akugwiritsa ntchito, chifukwa limakatenga zotsalazo m'mafuta omwe linasunga. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calorie pafupifupi 7,700. Motero munthu yemwe wachepetsa ma calorie 500 pa tsiku amataya pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata m'masabata oyambirira, kenako liwiro limatsika popeza thupi laling'ono limafuna mphamvu zochepa.

Chomwe ambiri sachilingalira n'chakuti gawo lalikulu la mphamvu, pakati pa 60 ndi 70 peresenti kwa munthu wongokhala, limathera pa ntchito zomwe thupi limagwira ngakhale mwini wake ali mtulo: kupuma, kupopa magazi, kutenthetsa thupi ndi ntchito ya ubongo, chiwindi ndi impso. Kugaya chakudya kumatenga pafupifupi 10 peresenti. Masewero ndi kagawo chabe ka zotsalazo.

Tiyerekeze munthu wolemera makilogalamu 70 yemwe waweruka ku Capital Hill n'kuyenda mtunda wa makilomita 5 kwa ola limodzi. Munthuyu wagwiritsa ntchito ma calorie pafupifupi 250. Koma mwa amenewa, pafupifupi 70 akanatha ndithu ngakhale akanakhala pampando ola lonselo, kotero kuti phindu lenileni la ulendowo ndi ma calorie pafupifupi 180. Botolo limodzi la chakumwa choziziritsa kukhosi la mamililita 300 lili ndi ma calorie oposa 120. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ilinso ndi pafupifupi 120, ndipo magalamu 100 a mtedza ali ndi oposa 550. Aliyense yemwe anakhalapo pa msonkhano wa tsiku lonse akudziwa zomwe zimafika pa tebulo nthawi ya tiyi: samusa, mandasi, zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga. Zimenezi zokha zikhoza kufafaniza ulendo wa ola lathunthu ngakhale nsima ya masana isanafike.

Vuto lachiwiri ndi la manambala omwe amaoneka pa mawotchi ovala pamkono, pa mafoni ndi pa makina a ku jimu. Mu 2017 akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Stanford ku America anayesa mitundu 7 ya zipangizo zovala pamkono, kuphatikizapo za Apple, Fitbit ndi Samsung, pa anthu 60. Anapeza kuti zambiri mwa izo zinkayeza bwino kugunda kwa mtima, koma panalibe ndi chimodzi chomwe chimene chinayeza molondola mphamvu zomwe zatha. Chipangizo chomwe chinachitako bwino chinkaphonya ndi 27 peresenti, pamene chotsalira kwambiri chinkaphonya ndi 93 peresenti. Zipangizozi zasintha chichokereni nthawi imeneyo, komabe sizimayeza mphamvu mwachindunji. Zimangoyerekeza potengera kugunda kwa mtima, kugwedezeka kwa mkono, zaka ndi kulemera kwa munthu. Wotchi ikaonetsa 400 pomwe zenizeni zili 250, wodya molingana ndi wotchiyo wadya kupyola zomwe anataya.

Pali cholakwika china chomwe chimachitika powerengetsa. Mapulogalamu ambiri a pa foni ndi pa intaneti amayamba afunsa ngati munthu ndi wongokhala kapena wotakataka, ndipo amapereka mlingo wa chakudya potengera yankho lake. Yemwe wayankha kuti amachita masewero katatu pa sabata ndiye kuti masewerowo awerengeredwa kale mu mlingo wake. Akawonjezeranso chakudya pa tsiku la masewero, ntchito imodzi yomweyo wailipira kawiri.

Chinthu chodabwitsa kwambiri pa nkhaniyi chinadziwika kuchokera kwa anansi athu a ku Tanzania. Mu 2012 katswiri wa ku America, Herman Pontzer, ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa pakati pa mtundu wa Ahadza, omwe amakhala kumpoto kwa dzikolo ndipo amadalira kusaka nyama, kufula uchi ndi kukumba mizu. Anthu amenewa amayenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense akanayembekeza kuti amagwiritsa ntchito mphamvu zochuluka kuposa munthu wa mu ofesi ku London kapena ku New York. Koma ataganizira za kukula kwa matupi, ofufuzawo anapeza kuti mphamvu zomwe Ahadza amagwiritsa ntchito pa tsiku sizinkasiyana kwenikweni ndi za anthu a ku Ulaya ndi ku America. Izi zinasonyeza kuti thupi likamagwira ntchito yambiri, limachepetsa mphamvu zomwe limawononga pa zinthu zina.

Kafukufuku wina wa mu 2021, wotsogozedwa ndi Vincent Careau wa pa sukulu ya ukachenjede ya Ottawa ku Canada, anaunika anthu akuluakulu 1,754 ndipo anapeza kuti pa ma calorie 100 aliwonse omwe munthu wagwiritsa ntchito potakataka, thupi limapulumutsa pafupifupi 28 mwa njira zina. Kwa anthu onenepa kwambiri chiwerengerochi chinkafika pafupifupi theka. Akatswiri akadatsutsanabe za kukula kwenikweni kwa chipukuta chimenechi, koma tikachigwiritsa ntchito pa chitsanzo cha munthu woyenda makilomita 5 uja, ma calorie 180 amatsika kufika pafupifupi 130, omwe ndi ofanana ndi botolo limodzi lija. Komanso munthu akatopa ndi masewero amakonda kukhala pansi nthawi yaitali madzulo, n'kutuma mwana ku golosale komwe akanapita yekha.

Izi sizikutanthauza kuti masewero alibe ntchito. Amalimbitsa mtima, amatsitsa kuthamanga kwa magazi, amathandiza thupi kugwiritsa ntchito bwino shuga, amateteza minofu kuti isathe pamodzi ndi mafuta, ndipo amathandiza kuti thupi lomwe lachepa lisabwererenso msanga. Malangizo omwe bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amalimbikitsa munthu wamkulu kuchita masewero apakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena masewero olemetsa kwa mphindi 75 mpaka 150, komanso masewero olimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata.

Omwe ayenera kuwonjezera chakudya alipo. Munthu wa makilogalamu 70 akathamanga amagwiritsa ntchito ma calorie pafupifupi 70 pa kilomita iliyonse, kotero kuti wokonzekera mpikisano wa makilomita 21, wopalasa njinga maola awiri kapena wokwera phiri la Mulanje amataya mphamvu zopyola 1,000 pa ulendo umodzi. Munthu wotere akapanda kubwezeretsako kanthu amafooka, amataya minofu, ndipo kwa amayi msambo ukhoza kusokonekera kapena kuleka, zomwe zimafooketsanso mafupa. Mu 2014 bungwe loyendetsa masewero a Olympic linazindikira vuto limeneli ngati lokhudza amuna ndi akazi omwe. Kwa oterewa njira yanzeru ndi kubwezeretsa pafupifupi theka la zomwe chipangizo chaonetsa, ndipo chakudya chake chikhale monga nthochi, mbatata, mazira, nyemba kapena usipa, osati zotsekemera.

Odwala matenda a shuga omwe amabaya jakisoni wa insulin kapena kumwa mankhwala monga glibenclamide ayenera kusamala mwapadera, chifukwa masewero akhoza kutsitsa shuga m'magazi mpaka munthu kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira kapena kukomoka. Iwowa, pamodzi ndi amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, asasinthe kadyedwe asanaonane ndi dokotala kapena katswiri wa za kadyedwe ku chipatala.

Kwa ena onse, sikelo ndi yomwe imaweruza bwino kuposa wotchi. Ndi bwino kudziyeza m'mawa musanadye, pa sikelo imodzi yomweyo, ndi kuyerekeza zotsatira za masabata atatu kapena anayi, popeza kulemera kwa tsiku limodzi kumasintha ndi madzi, mchere ndi msambo. Ngati thupi likuchepa ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata ndipo mphamvu zogwirira ntchito zilipo, palibe chifukwa chosinthira mlingo wa chakudya. Ngati likuchepa mofulumira kuposa pamenepo, kapena pali chizungulire, kusowa tulo ndi njala yosatha, pawonjezeke ma calorie 100 mpaka 200 pa masiku a masewero. Dzira limodzi lophika ndi nthochi imodzi zikukwanira pa mlingo umenewu.