Mankhwala amene thupi limadzipangira lokha

Mvula ikagwa, madambo a ku Mitundu ndi ku Nathenje amadzaza phokoso la achule, koma n'ochepa amene amadziwa kuti chule ali ndi malo ake m'mbiri ya zachipatala. Pali mtundu wina woterera, wokhalira m'madzi, wa zikhadabo zakuda kumiyendo yakumbuyo. Akatswiri amautcha Xenopus laevis, ndipo umapezeka kumwera kwa Africa mpaka kuno ku Malawi.

M'zaka za m'ma 1980, Dr Michael Zasloff wa ku National Institutes of Health ku America ankang'amba achule amenewa kuti atengemo mazira ofufuzira. Akawasoka, ankawabwezera m'madzi odzaza mabakiteriya. Chinamudabwitsa n'chakuti mabala awo ankapola bwinobwino osachita mafinya. Mu 1987 analengeza chimene anapeza pakhungu lawo: tizidutswa tating'ono ta mapuloteni, totchedwa ma peptide, timene timapha mabakiteriya. Anatipatsa dzina lakuti magainin.

Nkhaniyi inayamba kale. Mu 1922 Alexander Fleming wa ku London analemba za lysozyme, yosungunula mabakiteriya ena, imene anaipeza m'mamina ake akudwala chimfine, kenako m'misozi. Koma mu 1928 iye yemweyo anatulukira penisilini, ndipo maso a dziko anatembenukira ku jakisoni ndi makapisozi. Panapita zaka zambiri kuti Hans Boman wa ku Sweden afunse mmene tizilombo touluka timapulumukira ku matenda pomwe tilibe ma antibody ngati ife. Mu 1981 gulu lake linalengeza za cecropin, yochokera ku gulugufe wina wausiku. Mu 1985 gulu la Robert Lehrer ku Los Angeles linapeza ma defensin m'maselo oyera a magazi a munthu, aja timati asilikali a m'thupi.

Mmene ma peptide ngati amenewa amaphera mabakiteriya n'zosangalatsa kumva. Khungu la bakiteriya lili ndi mphamvu yamagetsi ya negetivu, pomwe ma peptide ali ndi ya pozitivu, choncho amakokana. Akamatirira, amalowerera m'khungulo n'kulibowola, zam'kati n'kumatayika ngati ufa m'thumba lobooka ndi mbewa. Maselo athu amapulumuka chifukwa khungu lawo lili ndi kolesitero ndipo silikoka kwambiri.

Ntchito ya ma peptide sithera pa kupha. Imodzi yotchedwa LL-37, yopezeka pakhungu ndi m'mapapo athu, imaitana maselo oyera kuti athamangire pabala. Imamanganso poizoni wotuluka m'mabakiteriya kuti thupi lisatupe mopyola muyeso, komanso imathandiza bala kutsekeka. Mu 2006 ofufuza a ku Los Angeles anasonyeza kuti vitamini D amadzutsa LL-37 m'maselo olimbana ndi kachilombo ka TB.

Kwa ine, mbali yotikhudza kwambiri inachitikira kwa anansi athu ku Lusaka. Gulu la Pulofesa Paul Kelly linayeza matumbo a akuluakulu a m'komboni ya Misisi, n'kupeza kuti amapanga ma defensin ochepa poyerekeza ndi anthu a ku London. Mu 2006 linalengezanso kuti amene anali ndi ochepetsetsa ndiwo ankatsegula m'mimba kawirikawiri pambuyo pake. Amayi amene amabwera ndi ana onyentchera ku chipatala cha mishoni cha Likuni, kumene kunachokera dzina la Likuni Phala, amaudziwa mzere umenewu: mwana watsegula, waonda, watsegulanso. Mkaka wa m'mawere uli ndi lysozyme, lactoferrin ndi ma defensin, ndipo anamwino akamalimbikira zoyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 amakhala akunenanso za zida zimenezi.

Lero nkhaniyi yabwereranso pakamwa chifukwa mankhwala athu akufooka. Kafukufuku wa Malawi-Liverpool Wellcome pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti mabakiteriya a Klebsiella a m'magazi osamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anali pafupifupi 12 pa 100 alionse mu 2003, koma pofika 2016 anapitirira 90. Komabe amokisilini ndi bakitilimu zikugulitsidwabe m'magolosale ndi m'misika, ndipo munthu amagula ziwiri zokha za chimfine chimene sichizifuna n'komwe.

Tisayembekezere kuti chule atipulumutsa mawa. Mankhwala opaka otchedwa pexiganan, opangidwa motengera magainin kuti azichiza zilonda zakumapazi za odwala shuga, anakanidwa ndi bungwe la FDA ku America mu 1999. Ma peptide ndi odula kupanga, amasweka msanga m'thupi, ndipo ena amawononga maselo athu omwe. Colistin, peptide yochokera ku bakiteriya wa m'dothi, imapweteka impso, moti madokotala amaisungira odwala amene mankhwala ena onse awakanika. Nayonso mu 2015 ofufuza a ku China anapeza mabakiteriya osaimva m'nkhumba zimene alimi ankazidyetsa mankhwalawo kuti zinenepe msanga.