Makompyuta Awiri Akale a m'Nyumba

Lero tikambe za makompyuta awiri akale, kuti wofuna kugula asataye ndalama zace.

Makompyuta oyamba a m'nyumba anali kutsiriza nchito imodzi asanayambe ina. Mai wa ku Kasenengwa satero: nsima iri pamoto, ndiwo zirikuwira, mwana ali kumsana, ndipo iye apenya zonse mosinthana. Mwa makina oyamba kukhala ndi nzeru yotere munali QL, imene Sinclair wa ku Britain anaturutsa m'caka ca 1984 pa mtengo wa £399. Dongosolo loiyendetsa, lochedwa QDOS, linali kugawira nchito iri yonse kanthawi kace. Koma kuthamanga sikufika: inaturuka isanakhwime, timatepi tace tosungira mau tinali kubvuta, ndipo mu 1986 analeka kuipanga.

Mu 1985 kampani ya Commodore ku America inaturutsa Amiga, yokhoza kuyimba, kujambula ndi kulemba nthawi imodzi. Anaigula anthu mamiliyoni, koma kampaniyo inagwa mu 1994.

Cotero wosankha lero ayambe wafunsa: makina akafa, zitsulo zace ndidzazipeza kuti? Za Amiga zipezeka msanga, popeza anapanga ambiri.

Komabe QL musaipeputse. Mnyamata wa ku Finland, Linus Torvalds, anaphunzirapo zambiri, ndipo mu 1991 analemba Linux, muzu wa Android. Foni ya Android yogulidwa pa msika wa Chipata ndiye mdzukulu wace.

Tsalani bwino.